Mphindi Zisanu za Adokotala Pabedi Panu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Ndikulankhula ndi inu amene mukutimvera pa kafoni muli kunja kwa wodi, chitenje mwayala pansi, kapoto ka phala kali pamoto, mukudwazika m'bale wanu. Nkhani ya lero ndi yanu.

Pali dandaulo limodzi limene anthu amene adagonapo m'chipatala salephera kulitchula. Amati: "Adokotala angofika, atsegula fayilo, alankhulana Chingerezi ndi anzawo, agwira pamimba kamodzi, basi awo apita. Mphindi zisanu sizinakwane n'komwe, ndipo tsiku lonse sitiwaonanso." Sindinabwere kudzatsutsa ayi. Inenso ndidadwazikapo, ndipo mawu amenewa adatuluka pakamwa panga pomwe. Chimene ndikufuna lero n'chakuti tiwalondole adokotala aja. Asanafike pabedi panu achokera kuti? M'mphindi zisanu zija akufufuza chiyani? Nanga akatuluka pakhomo la wodi akulowera kuti?

Tiyambe ndi mawu akuti "adokotala" omwewo. Kwathu kuno aliyense wovala jasi loyera, wokoleka chomvetsera pachifuwa m'khosi, timangoti adokotala. Koma tiyerekeze kuti mwagonekedwa ku Queens, mumzinda wa Blantyre, kuja akuluakulu amakutchabe kuti ku Gulupu. Chipatala chimenechi chidatsegulidwa mu 1958 ndipo chili ndi mabedi opitirira 1,000. Kagulu kamene kamazungulira bedi lanu m'mawa kali ndi akulu ndi ang'ono. Amene mudzamuone kawirikawiri, uja woyenda ngati wapsa phazi, timabotolo ta magazi tili m'thumba, amamutcha intern. Sukulu ya udokotala adamaliza, digiri ali nayo, koma ayenera kugwira miyezi 18 akuyang'aniridwa ndi akuluakulu, bungwe la Medical Council of Malawi lisanamulole kuima payekha. Pamwamba pake pali registrar, dokotala wokhwima kale amene akusula ukatswiri wa mbali imodzi, kaya matenda a ana, kaya a amayi, kaya opaleshoni. Ndiye pali consultant, katswiri mwini wake. Ameneyu mwina simumuona tsiku lililonse, koma mawu otsiriza pa wodwala aliyense m'wodimo ndi ake. Anyamata ndi atsikana aja oima kumbuyo ndi timabuku ndi ophunzira. Lero akuonerera, mawa ndiwo adzakugwireni.

Mukagonekedwa pa chipatala cha m'boma lanu, kaya ndi Ntcheu, kaya Mchinji, kaya Nsanje, amene amanyamula wodi nthawi zambiri ndi a clinical officer, pakuti madokotala a digiri kumeneko n'ngowerengeka ndi zala. Anthu amenewa asanyozedwe. Ana ambiri amene adabadwa pa opaleshoni m'maboma muno adatulutsidwa ndi manja a clinical officer. Tikumbukirenso kuti mpaka mu 1991 dziko lino linalibe sukulu yakeyake ya udokotala. Wofuna ntchitoyi ankachita kukwera ndege. Chaka chimenecho ndi pamene College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre, ndipo malemu John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi, ndi mmodzi mwa amene adaikhetsera thukuta. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Ndikupatseni kankhani kapambali. Ku America, kale dokotala wa banja ankati akagoneka wodwala wake m'chipatala, amakamuona m'mamawa, kenaka n'kubwerera ku kiliniki yake kukaona ena. Wodwala akasintha masana, dokotala ali kutali. Anthu adaona kuti sizikuyenda, ndiye padayamba kupezeka madokotala okhazikika m'chipatala momwemo, ntchito yawo kusamala ogonekedwa basi. Mu 1996 madokotala awiri a ku San Francisco, Robert Wachter ndi Lee Goldman, adawapatsa dzina loti hospitalist, ndipo lero ku America alipo zikwi zambiri. Ife dzinalo sitilitchula, koma dongosolo lakelo ndi limene tili nalo chikhalire: amene akukuonani m'wodi ndi wa pachipatala pomwepo. Kuipa kwake n'kumodzi, kuno ndi uko komwe. Dokotala ameneyu sakukudziwani. Sadziwa kuti mudadwalapo chifuwa chachikulu zaka zitatu zapitazo, sadziwa kuti mankhwala akutiakuti amakutulutsani zidzolo. Akuyamba nanu ngati mlendo, ndipo zonse amene angamuuze ndi inu, ndi kabuku kanu ka kuchipatala kaja.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsiku la dokotala wa m'wodi limayamba inu musanamuone. M'mawa, amene adachezera usiku ndi amene akulowa kumene amakhala pansi m'chipinda chimodzi n'kupatsirana odwala. Usiku tagoneka angati, ndani wafooka, ndani watisiya, ndani akudikira magazi. Dzina lanu limatchulidwa m'menemo inu mukutsuka m'kamwa. N'chifukwa chake nthawi zina dokotala amene simunamuonepo amafika pabedi panu akudziwa kale kuti usiku munasanza kawiri.

Akatero amayamba kuyendera odwala, bedi ndi bedi. Pamene inu mukuona ngati akungowerenga mapepala osakuyang'anani, iye akuwerenga usiku wanu. Papepala limodzi anamwino adalemba kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, BP, ndi kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Papepala lina pali mankhwala onse amene adalembedwa, ndi chizindikiro chosonyeza ngati adaperekedwadi kapena ayi. Thupi likutentha chimodzimodzi ngati dzana, kapena layamba kutsika? Mtima umene dzulo umagunda ka 130 pa mphindi, lero uli pa 100? Manambala amenewa amalankhula msanga kuposa nkhope. Ndipo mumtima mwake dokotala akudzifunsa funso limene ife sitilimva: kodi matenda amene tidawaganizira tsiku loyamba ndi omwewo ndithu?

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Dokotala wa ku OPD amakuonani kamodzi, n'kulemba mankhwala, inu n'kumapita. Wa m'wodi ali ndi chinthu chimene mnzake uja alibe: amakuonani lero, mawa, mkuja. Matenda ambiri sadziulula tsiku limodzi. Munthu amabwera thupi lili moto, mutu ukuwawa, ayezedwa chala, apezeka ndi malungo. Amubaya jakisoni wa artesunate, wina pakatha maola 12, wina pakatha maola 24, kuti akayamba kumeza apitirize ndi LA. Ngati ndi malungo okha, pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu munthu amayamba kufunsa phala. Koma bwanji ngati sakusintha? M'dziko la udzudzu ngati lathu lino, munthu atha kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pamene chomugwetsa chenicheni chili china: tayifodi, chibayo, matenda oumitsa khosi, kapena TB yobisala. Tsono dokotala akabwera tsiku lachitatu n'kunena kuti tisinthe mankhwala, ena amanong'onezana kuti, "Awa akungoyesayesa, sakudziwa chimene akuchita." Ayi ndithu. Amene sasintha maganizo pamene wodwala sakusintha, ameneyo ndiye woopsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo magazi aja amene amawatenga m'botolo kuti akamere tizilombo ku labotale amafunadi masiku angapo, palibe wowafulumizitsa.

Ndikuuzeni zimene zidandichitikira. Bambo anga aang'ono adagonekedwa pa chipatala china, miyendo itatupa, mkodzo ukungodontha pang'onopang'ono. Dokotala wake adali mtsikana wamng'ono ndithu, moti mayi aang'ono adandinong'oneza kuti, "Kamwana aka kangachize munthu?" M'mawa woyamba adafunsa kuti, "Mayi, bambowa amamwa mankhwala anji kunyumba?" Mayi adati palibe. M'mawa wachiwiri funso lomwelo, yankho lomwelo. M'mawa wachitatu adakoka mpando, adakhala pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, sindikukuimbani mlandu. Zotsatira za magazi zikuonetsa kuti impso zavulala, ndiye ndikufuna ndidziwe chazivulaza, kuti ndisawonjezerepo." Pamenepo mayi adamasula kansalu. Mudali mapiritsi opha ululu, a bulufeni aja, amene bambo adakhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi chifukwa cha msana, ndi kabotolo ka mankhwala achikuda amene tinkawamwetsa usiku anamwino akatuluka. Inde, ndati tinkawamwetsa. Ndidali nawo m'chiwembucho. Dokotala sadakalipe. Adatenga cholembera, adafufuta jakisoni wina amene akadalemetsa impso, adachepetsa mlingo wa mankhwala ena, n'kutipempha kuti tiziyeza mkodzo wonse m'botolo ndi kumuuza m'mawa uliwonse. Bambo adatuluka patatha sabata ziwiri akuyenda okha. Masiku awiri aja amene tidabisa, tidadzibera tokha.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Nanga adokotala akamaliza kuyendera odwala amapita kuti? Chilichonse chimene chanenedwa pabedi chimasanduka ulendo. Magazi atengedwe, apite ku labotale, wina akalondole zotsatira. Uyu akajambulidwe pachifuwa, ndipo ngati makina afa, papezeke njira ina. Uyo magazi amuthera, ndiye dokotala ali pa foni kapena wapita yekha kosungira magazi kukachonderera botolo limodzi. Wina akufunika kuonedwa ndi a opaleshoni, ndipo a opaleshoniwo ali ku fiyeta mpaka madzulo. Mankhwala amene adalembedwa ku famase kulibe, tsono aganize ena olowa m'malo mwake. Dokotala yemweyo ali ndi tsiku la kiliniki, kumene anthu odzaonedwanso adzaza mabenchi. Usiku ukagwa, gulu lonse lija limatsala anthu ochepa oti ayang'anire mawodi angapo ndi kulandiranso odwala atsopano. Mukamuitana dokotala usiku n'kuchedwa kubwera, kawirikawiri si tulo. Ali ndi wina amene mpweya ukumuthawa.

Izi sindikunena kuti ndiwayeretse onse. Alipo madokotala amene amalankhula ndi fayilo n'kuiwala kuti pabedipo pagona munthu wa makutu. Alipo amene amamutchula munthu ndi nambala ya bedi. Kufotokozera wodwala chimene akudwala, m'chilankhulo chimene akumva, si chifundo chongowonjezera ayi. Ndi gawo la ntchito imene adalumbirira, mofanana ndi kulemba mankhwala. Ndipo ine ndimaona kuti mavuto ambiri amene timawatcha umbuli wa odwala amayambira pa dokotala amene sadafotokoze.

Taonani nkhani ya mpweya. Ndani sanamvepo kuti akakuika pa okosijeni ndiye kuti wapita? Pali makolo amene amachotsa timapaipi pamphuno pa mwana namwino akangotembenuka. Mantha amenewa ali ndi pochokera. Mpweya amaikira amene adwalitsitsa, ndipo ena mwa iwo amamwaliradi. Wa pabedi loyandikana amaona paipi lero, mawa aona maliro, n'kulumikiza ziwirizo. Koma kumeneko kuli ngati kunena kuti ambulera ndiye amaitana mvula. Kachipangizo kaja kamene amakupanitsani nako chala kamayeza mpweya m'magazi, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 ndiye kuti ubongo, mtima ndi impso zayamba kusowa chakudya chake. Wapha munthuyo ndi chibayo, osati paipi. Ku Queens komweko, madokotala mogwirizana ndi akatswiri a ku Rice University ya ku America adakonza makina otsika mtengo othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, ndipo dzina lake ndi lathu lomwe: Pumani. Makina amenewa adafalikira m'zipatala za m'maboma ngakhalenso kunja kwa dziko lino.

Chimodzimodzi kuchotsa madzi a pamsana. Ambiri amakana, amati munthu amalumala kapena kufa. Singano ija imalowa m'munsi, kupitirira pamene mtsempha waukulu wa msana umathera, ndipo madzi amene amatengedwa thupi limabwezeretsa lokha pa maola ochepa. Popanda madzi amenewo dokotala sangadziwe mtundu wa matenda oumitsa khosi amene akulimbana nawo, pakuti mankhwala ake n'ngosiyana. Pali mtundu wina, umene umagwira kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, umene umachulukitsa madzi m'mutu mpaka munthu kulira ndi litsipa ndi kuyamba kusaona. Pamenepo kuchotsa madziko si kuyeza chabe, ndi mankhwala, ndipo amabwereza kangapo. Kapaipi kodyetsera kodzera m'mphuno nakonso sikatanthauza kuti amutaya munthu. Amene wafa ziwalo ndi sitiroko, kapena mwana amene wakomoka, sameza bwino. Mukamukakamiza phala ndi supuni limalowera kumapapo n'kubala chibayo. Muli ndi ufulu wokana chithandizo chilichonse, zimenezo n'zoona. Koma musanakane, nenani kuti, "Adokotala, tandifotokozereni, mukachita chichitika n'chiyani, mukapanda kuchita chichitika n'chiyani?" Safunsa adadya phula.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano ndilankhule ndi inu odwazika, amene m'chipatala amakutchani magadiyani. M'mawodi mwathu namwino mmodzi amasamala odwala ochuluka zedi, moti amene amaona wodwala maola onse 24 ndinu. Maso anu ndi chipangizo cha dokotala. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala awiri ofufuza malungo a ana ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, adakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana amene sanayambe kulankhula. Njira imeneyi imatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kumene kuli malungo. Sifuna makina. Imangofunsa zinthu zitatu: kodi mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ndi maso, akulira bwanji akamva kuwawa, ndipo akusuntha bwanji dzanja kapena mwendo. Mapointi ake amayambira pa 0 kulekezera pa 5. Mukuona? Zimene katswiri amawerenga ndi zomwe mayi amaziona ali chikhalire pambali pa mwana. Mayi akanena kuti, "Kuyambira usiku sakundiyang'ananso," wapereka uthenga woposa pepala la ku labotale.

Ndipo changu chimapulumutsa. Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana amene adagwira ntchito ku Queens zaka zambiri, adaona kuti ana ochuluka ankamwalira tsiku loyamba lenileni, ena ali pamzere. Iye ndi anzake adasintha kalandiridwe ka ana, kuti wodwalitsitsa azizindikiridwa pakhomo pomwe n'kuthandizidwa nthawi yomweyo mosayang'ana kuti wabwera nthawi yanji. Lipoti lawo la mu 2006 lidaonetsa kuti kale pa ana 100 ogonekedwa ankamwalira 10 mpaka 18, koma zitasintha chiwerengerocho chidatsikira pa 6 mpaka 8. Sadabweretse mankhwala achilendo, adangofulumira kuona. M'wodi namonso n'chimodzimodzi. Wodwala akayamba kupuma mothamanga, kubwebweta, kugona kosadzutsika, kukomoka, kutaya magazi, kapena tsiku lathunthu osakodza, musadikire kuti adokotala abwera mawa. Pitani kwa anamwino nthawi yomweyo, muwauze chimene chasintha ndi nthawi imene chayambira. Iwo ndiwo amaitana dokotala wa usiku.

Ndikudziwa kuti m'mawodi ambiri a akuluakulu magadiyani amatulutsidwa nthawi yoyendera odwala, kuti malo apezeke ndiponso kuti zinsinsi za odwala ena zisamveke. Ngati m'bale wanu sangathe kudzilankhulira, pemphani kwa asisitala a m'wodimo kuti mmodzi atsale. Zikakanika, lembani pakapepala: wadya kangati, wasanza kangati, wakodza, wachita chimbudzi, wagona bwanji, ndi funso limodzi limene likukusowetsani mtendere. Ndipo pabanja sankhani munthu mmodzi wolankhula ndi adokotala. Zoti lero abwera atsibweni kudzafunsa, mawa achemwali a ku Joni pa foni, mkuja apongozi, aliyense kuyambira pachiyambi, zimangosokoneza nkhani, ndipo pomaliza aliyense amatenga mawu akeake kupita nawo kumudzi. Ngati mwachitiridwa chipongwe kapena wina wakuuzani kuti mulipire chithandizo chimene n'chaulere, zipatala za boma zili ndi ofesi ya ombudsman wa pachipatala yolandira madandaulo, ndipo nkhani zokhudza khalidwe la dokotala zimapita ku Medical Council of Malawi.

Pali ntchito inanso ya dokotala wa m'wodi imene sitikonda kuitchula. Nthawi zina matenda amakhala kuti apitirira, monga khansa imene yafalikira. Dokotala wabwino sathawa bedi limenelo. Amakhala pansi ndi banja, amanena zoona mwaulemu, ndipo amaonetsetsa kuti ululu waphedwa, ngakhale ndi morphine wakumwa, amene m'zipatala zathu alipo. Ku Queens kuli gulu la Tiyanjane limene ntchito yake ndi yomweyi, kusamala amene matenda awo sachizika. Mukamva kuti, "Kuli bwino mukawasamalire kunyumba," funsani kuti mankhwala a ululu muzikatenga kuti akatha, ndipo ndani azikuyenderani.

Tifike pa tsiku lotuluka. Ena satuluka, amathawa. Munthu wangoyamba kumva bwino, kumunda kukudikira, ufa wa gadiyani watha, ndiye usiku amanyamula chikwama mwakachetechete. Zifukwa zake n'zomveka, koma wothawa amasiya m'mbuyo zinthu ziwiri: mankhwala omalizira, ndi zolemba za adokotala. Jakisoni wa masiku 7 akalekezedwa pa tsiku lachitatu, matenda amabwerera ali olusa, ndipo akadzafika pa chipatala china amayambanso kufufuza pachiyambi. Ngati zakuvutani, nenani. Nthawi zina n'zotheka kusintha jakisoni kukhala mapiritsi, kapena kukutumizani ku chipatala cha kufupi ndi kwanu. Mukatulutsidwa bwinobwino, musanapinde bulangete tsegulani kabuku kanu pamaso pa dokotala kapena namwino. Aloze ndi chala pamene alemba dzina la matenda, akuuzeni m'Chichewa. Akuonetseni mankhwala atsopano, anenenso ngati akale aja, a BP, a shuga kapena ma ARV, mupitirize kapena asintha. Tsiku lodzaonedwanso lilembedwe, ndi khomo loti mudzalowere. Ngati pali zotsatira zimene sizinatuluke, mufunse kuti mudzazipeza kwa yani.

Nthawi yatithera. Inu muli kunja kwa wodi, phala lija lisapserere, ndipo odwala athu muwapatse moni. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)